Galimoto yakale ikumangowira ku Mangochi kuno? Musathamangire kusintha injini

Ndatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi yochepa kuti ndipume pa ntchito, ndipo chomwe ndakhala ndikukonzekera kuti chidzanditangwanitse ndikadzakhala pakhomo ndi Peugeot 404 pick-up yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Inakhala pamiyala pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira kuseri kwa mpando. Bambo ankanyamulira chimanga kuchokera ku Namwera, ndipo ine ndinaphunzirira kuyendetsa galimoto yomweyi, nde simungandiuze kuti ndiigulitse kwa anthu a sikirapu, ayi ndithu. Titaidzutsa injini inalira bwinobwino, utsi wochepa, magiya akulowa. Koma vuto linali limodzi, ndipo linkangobwerabwera: kuwira. Ukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera zitunda za ku Chowe, nthunzi ili tolotolo kutsogolo, madzi a dzimbiri akutayikira pansi, iwe waima pambali pa msewu ndi chigubu m'manja.

Ndikudziwa kuti si ine ndekha. Alipo anzanga kuno ena ali ndi Datsun 120Y, ena Land Rover ya Series III, ena Peugeot 504, onse dandaulo lake ndi lomweli makamaka Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Ndipo malangizo omwe amatipatsa ndi awiri basi, mwina "chotsani themositati bwana, kuno kumatentha" (themositati ndi kachipangizo kotsegula njira ya madzi injini ikatentha) kapena "ingoikani injini ya Toyota muthane nazo." Ine ndinatsala pang'ono kutengeka ndi achiwiriwa, ndinali nditayamba kale kuwerengera kuti ndalama za penshoni zikadzatuluka ndidzapatule zingati. Mwamwayi ndinakumana ndi madala ena a ku Mpondasi omwe anagwirapo ma 404 ali mnyamata, anandifunsa funso limodzi lomwe amakaniko onse aja sanandifunse: "Achimwene, kodi imawira nthawi yanji?" Zonse zomwe ndalemba apazi zachokera pa funso limeneli.

Koma poyamba, ikakuwirirani panjira. Musatsegule kapu ya ledieta, chonde, ndikubwerezanso musatsegule. Madzi ali m'katimo atentha kupitirira madigiri 100 ndipo akungodikira kuti muwapatse mpata, adzakuthirani kumaso ndi m'manja. Imani, tsegulani boneti, dikirani mpaka payipi yapamwamba ifewe moti mukhoza kuifinya ndi dzanja. Musathirenso madzi ozizira pamwamba pa injini yotentha ngati mmene ena amachitira, hedi ya 404, chivundikiro cha pamwamba pa injini chija, ndi ya aluminiyamu ndipo ikazizira mwadzidzidzi imapindika kapena kung'aluka, pamenepo vuto laling'ono lasanduka lalikulu. Ikazizira thirani madzi pang'onopang'ono injini ikulira.

Kenako tsimikizani kuti ikutenthadi. Geji ya galimoto ya zaka 50 imatha kunama mbali zonse ziwiri, kukuopsezani palibe kanthu kapena kukhala phee injini ikupsa. Yanga singano inkangokhala pakati olo madzi akuwira, waya wake unali utadyedwa ndi makoswe. Pali kachipangizo koyezera kutentha kooneka ngati kamfuti, umangolozetsa pa chitsulo n'kuwerenga manambala, ngati mungakapeze kapena kubwereka kakuthandizani kwambiri pa ntchito yonseyi.

Chachiwiri chotchipa ndi kapu yomwe ija. Anthu timaiona ngati chivundikiro chabe koma ntchito yake ndi kusunga mpweya m'kati kuti madzi asawire msanga. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100, koma ukawatsekera ndi kapu ya 1 bar amafika pafupifupi 120 asanawire. Nde ngati labala ya kapu yauma kapena sipuling'i yafooka, galimoto imataya madzi ngakhale injini isanatenthe mopitirira, madzi akachepa ndiye imatenthadi, inu n'kumaganiza kuti vuto ndi injini. Itembenuzeni muione pansi. Ikakhala yong'aluka gulani ina, koma ya nambala yofanana ndi yomwe galimotoyo inabwera nayo, musatenge kapu ya 1.1 bar ya galimoto zamakonozi n'kuika pa ledieta yakale, idzakuphulitsirani mowotcherera monse ndi mapayipi okalamba.

Tsopano funso la madala aja. Ngati galimoto imawira mukaima injini ikulira, kapena mukamayenda pang'onopang'ono pakati pa makabaza pamsika, koma mukalowa mumsewu wa ku Monkey Bay n'kuthamanga geji imatsika, ndiye kuti vuto ndi mphepo, siikudutsa mokwanira pa ledieta. Ngati ndi mosemphana, m'tauni ili bwino koma mukathamanga nthawi yaitali kapena kukwera chitunda mutanyamula katundu ndi pomwe imatentha, vuto ndi madzi, sakuyenda bwino m'kati kapena ledieta yatsekeka. Ngati imawira mphindi zochepa mutangoliza kaya mwaima kaya mukuyenda, ganizirani themositati yomwe yakanirira, pampu ya madzi yomwe yafa kapena gasiketi ya pansi pa hedi. Ndipo ngati imangolavula madzi pang'ono mukangozimitsa pambuyo pa ulendo, nthawi zambiri ndi kapu kapena mwadzaza madzi mpaka pakamwa, maledieta akale amafuna kampata pamwamba koti madzi akafufuma apeze pokhala.

Za mphepo sizivuta. Yang'anani kutsogolo kwa ledieta ndi tochi, muona udzu, nthenga, tizilombo ta kunyanja touma, matope a nyengo ya mvula. Tsukani ndi madzi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, mosakankha kwambiri kuti tizipsepse tija tisapindike. Ngati wina anaipaka penti yokhuthala kuti ioneke bwino imeneyonso ndi bulangeti. Lamba wa fani mumukanikize ndi chala pakati, azilowa pafupifupi sentimita imodzi, akakhala wonyezimira m'mbali ndiye kuti akuterereka. Muonenso kuti fani sanaibweze chagada, zimachitika pa galimoto zomwe zadutsa m'manja mwa anthu ambiri, imazungulira ndithu koma mphepo yake yochepa.

Eni ma 404 ndi ma 504, pali china chathu chathu. Zambiri mwa galimoto zimenezi zinabwera ndi fani yomwe siizungulira mwamphamvu nthawi zonse, ili ndi maginito amene amaigwira pokhapokha madzi akatentha, ndipo magetsi ake amadutsa pa kaswitchi ka pa ledieta ndi kakhala kakang'ono kokhudza pa pule. Kakhalako kakatha kapena kaswitchi kakafa, mukasuzumira muona fani ikuzungulira ndithu chifukwa ikungotengeka, koma siikukoka mphepo. Njira yodziwira ndi kumvetsera, ikagwira pamamveka kuti thaa kenako phokoso la mphepo limakwera. Ngati simunamvepo zimenezi injini itatentha, vuto mwalipeza. Amakaniko akale amadziwa kuimanga kuti izizungulira nthawi zonse, ndipo kwa ife a kunyanja kuno palibe cholakwika ndi zimenezo.

Yanga vuto lalikulu linali la madzi. Madala aja anandiuza kuti ndiilize mpaka itenthe, ndizimitse, kenako ndiyendetse chikhatho pa ledieta kuchokera pamwamba kutsika pansi, kumanzere mpaka kumanja. Ledieta yabwino imakhala yotentha pamwamba n'kumacheperako kutentha ukamatsika, mofanana mbali zonse. Yanga m'mbali munali moto koma pakati penipeni, malo aakulu ngati mbale ya nsima, panali pozizira. Pamenepo madzi sankadutsa n'komwe.

Tinaichotsa n'kupita nayo kwa wowotcherera maledieta. Ubwino wa maledieta akalewa ndi a mkuwa, amasungunula mtovu n'kuchotsa thanki yapamwamba, osati apulasitiki amakonowa omwe akafa afa. Atavundukula ine ndinaimirira pompo ndikuona. Timapayipi tambiri tinali titatsekeka ndi zinthu zoyera zolimba ngati miyala, kwina phala lofiirira, ndipo pakona pena panali chinthu chonga mphira chomwe wowotchererayo ananunkhiza n'kunena kuti "ili ndi dzira ili bambo, winawake ankatseka podontha." Mwina anali bambo anga omwe tsiku lina atasowa chochita panjira, sindiwaimba mlandu, koma dzira, ufa, tsabola, fodya, zonse zomwe timathira kuti ledieta isiye kudontha zimatsekanso njira za madzi. Anatenga kachitsulo kopyapyala kaphanthiphanthi n'kumalowetsa m'kapayipi kalikonse, kamodzikamodzi, tsiku lonse, madzi akuda akutuluka pansi. Akamaliza muwauze aitseke n'kuimiza m'madzi akupopera mpweya, muone ndi maso anu kuti sipakutuluka thovu. Ngati tizipsepse tikufumbutuka mukatikhudza, musavutike ndi kutsuka, imeneyo ikufunika pakati patsopano, ndipo poti mukusintha kale funsani ya mizere itatu.

Zoyera zolimba zija zimachokera kuti? M'madzi omwe timathira. Tengani ketulo ya kunyumba kwanu yomwe mumawiritsira madzi a pa mjigo, muyang'ane pansi pake. Zomwe mukuonazo ndi zomwenso zikumera mu ledieta ndi mu injini, ndipo galimoto yomwe imataya madzi tsiku ndi tsiku inu n'kumangowonjezera ndiye imadzaza msanga chifukwa madzi amauluka koma mchere umatsala. Madzi a m'nyanja kapena a mu Shire nawo amabwera ndi mchenga ndi ndere. Ine pano ndimatchera madzi a mvula m'ndowa yoyera, osati mvula yoyamba yotsuka denga, ndimasefa ndi nsalu n'kusunga m'zigubu. Ndimasakaniza ndi coolant, mankhwala aja othira mu ledieta. Ambiri amati coolant ndi wa kumayiko ozizira, koma ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri, ndipo injini yomwe buloko, thunthu lake lija, ndi yachitsulo hedi ndi ya aluminiyamu ikamayenda ndi madzi okhaokha zitsulo ziwirizi zimadyana. Werengani pabotolo chifukwa wina amabwera wosakaniza kale, wina ngwofunika kusungunula, ndipo musachulutse poganiza kuti azizizira kwambiri, madzi ndi amene amanyamula kutentha bwino kuposa coolant.

Musabweze ledieta yoyera pa injini yakuda. Ili ndi phunziro lomwe ndinalipira kawiri, chifukwa ulendo woyamba tinangoibweza ndipo patangotha masabata ochepa matope a mu buloko anali atabwereranso m'timapayipi. Pambali pa buloko pamakhala bawuti yotulutsira madzi, imasuleni, ndipo musadabwe ngati sipakutuluka kanthu, tokosani ndi waya mpaka matope ayambe kuyenda. Lowetsani madzi ndi payipi mbali zonse mpaka azituluka oyera. Ena amathira viniga n'kusiya usiku, zimathandiza. Koma soda wa caustic uja wopangira sopo musayerekeze, amadya aluminiyamu. Mukutsuka choncho muyang'anenso tizitsekero tozungulira ta m'mbali mwa buloko, nthawi zina dzimbiri lomwelo ndi lomwe linkatseka pobooka, mukatsuka timayamba kudontha, bola tidonthere pakhomo kusiyana ndi ku Makanjira.

Nkhani ya themositati ndiyomwe timakangana kwambiri. Mnyamata wina pagalaja ina anachotsa yanga osandifunsa, ndinangoipeza ili pansi pa mpando. Galimoto inapitirizabe kuwira, chifukwa vuto silinali pamenepo. Chomwe chinasintha ndi chakuti m'mawa wa mu Juni mwera ukuwomba injini inkatenga nthawi yaitali isanafunde, ikumwa petulo wambiri, mapulagi akuda bii. Injini yoyenda yozizira imatha msanga, petulo amatsuka oyilo m'masilinda. Themositati ndi yoyesa, si yotaya. Ikani mphika pa mbaula, imangirireni ndi kawaya kuti isakhudze pansi, muziyang'ana madzi akamatentha. Pathupi pake pamakhala patalembedwa nambala ya madigiri omwe imayenera kutseguka, ndipo iyenera kukhala itatseguka yonse madzi asanayambe kubwata. Ikapanda kutseguka, kapena ikatseguka pang'ono, gulani ina. Ngati pali zosankha tengani yotseguka msanga, imeneyo ndiyo yoyenera kuno.

Payipi yapansi ndi pampu ndi zinthu ziwiri zomwe zimabisala. Payipi yapansi ndi yomwe pampu imakokera madzi, ikakalamba imafewa, ndiye mukaponda moto imafwaphira yokha n'kutseka njira, mukasiya imabwerera mwakale ngati palibe chachitika. Muuzeni mwana aponde moto inu mukuyang'ana, manja kutali ndi fani. Pampu nayo, gwirani fani injini itazima muigwedeze, ikamagwedera kapena pansi pake pakaoneka mzere wa dzimbiri pomwe madzi amadontha ndiye kuti yatha. Koma imatha kukhala yosadontha pomwe mapiko ake a m'kati anadyeka kalekale. Injini ili yozizira tsegulani kapu, lizani, dikirani themositati itseguke, muyenera kuona madzi akuyenda pakamwapo. Akangokhala ndii, chotsani pampu muione.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikutenthabe, tulukani m'madzimo muone zina. Tayimingi, nthawi yomwe pulagi imayatsa petulo, ikachedwa petulo amapsa mochedwa, moto umatsatira ku ekizozi, galimoto imakhala yopanda mphamvu pachitunda komanso yotentha. Pa galimoto za mapointi tayimingi imasuntha yokha mapointi akamadyeka, nde yambani mwaika mpata wake bwino, pa 404 ndi 0.4 mm, kenako tayimingi ndi nyale yake osati ndi khutu lokha. Muonenso kuti kapayipi kochokera ku kabuleta kupita ku distributa sikanang'aluke. Kabuleta ikamapereka petulo wochepa kapena ikamayamwa mpweya pa gasiketi ya manifodi injini imatenthanso, mapulagi amakuuzani, amakhala oyera mbuu m'malo mwa kofiirira ngati khofi wamkaka. Ndipo pali china chomwe palibe amachiganizira, mabuleki. Galimoto yomwe yakhala zaka osayenda mabuleki amagwira okha, injini n'kumakoka ngati yanyamula matumba. Mukayenda pang'ono yandikizani dzanja pa limu lililonse, lomwe latentha kuposa anzake ndi lomwelo. Pamalo osatsetsereka galimoto iyenera kukankhika ndi munthu mmodzi.

Gasiketi ndaiika kumapeto dala chifukwa ndi yomwe amathamangira kutchula, komanso ndi yodula. Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Injini ili yozizira, kapu yotsegula, madzi odzaza, mukaliza pamatuluka thovu losalekeza ngati thobwa lomwe layamba kusasa. Payipi yapamwamba imalimba gwa injini isanatenthe n'komwe. Pansi pa chotsekera oyilo kapena pa dipisitiki pamaoneka zoyera ngati tiyi wamkaka. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha ngakhale masana, ndipo mukamasula mapulagi imodzi imakhala yoyera ngati yatsukidwa. Mukaona zimenezi ndiye inde hedi ichoke, ipite kwa a makina akaiyeze ngati yapindika kapena kung'aluka. Koma kumbukirani kuti kawirikawiri gasiketi imapsa chifukwa injini inawira, osati injini inawira chifukwa cha gasiketi, mukangosintha gasiketi osakonza ledieta mudzaisinthanso.

Apa eni ma Peugeot mvetserani bwino, ndipo mukamuuze makaniko wanu asanagwire sipanala. Injini ya 404, ija ya 1618 cc yopendekeka, masilinda ake ndi masilivu ochita kulowetsa mu buloko, madzi amazungulira kunja kwake, ndipo chomwe chimawapanikiza pansi ndi hedi yomweyo. Mukachotsa hedi n'kuzungulitsa injini, mapisitoni amakweza masilivu aja, masilu a pansi amasuntha, mukabweza zonse madzi amayamba kulowa mu oyilo ndipo ntchito ya tsiku limodzi yasanduka yomasula injini yonse. Hedi siyokoka m'mwamba mwamphamvu ayi, imayamba yagwedezedwa cham'mbali kuti imatuke, ikangochoka masilivu apanikizidwe ndi mabawuti ndi mawashala aakulu. Amakaniko ambiri achinyamata anaphunzirira pa Toyota, sanaonepo zimenezi, si kulakwa kwawo koma galimoto ndi yanu.

Pali vuto lina lomwe limafanana ndi kuwira koma si kuwira. Galimoto yatentha, mwaima pang'ono kugula chambo pamsewu, mukati mulize ikukana, kapena ikuyenda n'kuyamba kutsamwa mpaka kuzima, pakatha theka la ola yalira ngati palibe chinachitika. Ameneyo nthawi zambiri ndi petulo amene wasanduka mpweya m'payipi kapena mu pampu chifukwa cha kutentha. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol, zinayamba kale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo petulo wotere sachedwa kuuluka komanso amaumitsa malabala akale ndi kachikopa ka mu pampu ya petulo. Ikakuchitirani, nyowetsani kansalu muike pa pampu ya petulo, ikalira msanga mwadziwa. Kukonza kwake ndi kusuntha payipi italikirane ndi ekizozi, kusintha mapayipi onse a labala, ndi kuonetsetsa kuti kachidutswa kokhuthala ka pansi pa kabuleta kalipo. Ngati kansalu sikakuthandiza gwirani koyilo, ikamaotcha dzanja yesani ina pamodzi ndi kondensa.

Nanga zosintha? Ine sindine wa gulu lomwe limati galimoto yakale isakhudzidwe, ndikufuna yoyenda nayo ndi adzukulu ku Cape Maclear osati yongoyang'ana. Zomwe ndaika ndi zazing'ono zoti munthu akhoza kuchotsa. Geji ina ya kutentha yosadalira magetsi, pansi pa dashibodi. Kabotolo kolandira madzi omwe ledieta yalavula, kuti ndiziona kuchuluka kwake. Chitsulo chozungulira fani chomwe wosula zidebe anandipangira kuti mphepo yonse izidutsira pa ledieta osati m'mbali, chimenechi chokha chinasintha zinthu kwambiri poyenda m'tauni. Fani ya magetsi kutsogolo ndi yabwinonso, koma ikhale ndi rileyi ndi fyuzi yake, muonetsetse kuti ikukankhira mphepo ku injini, ndipo ngati galimoto yanu ikadali ndi dayinamo yambani mwaika olteneta chifukwa dayinamo siitchaja mokwanira injini ikamalira pang'onopang'ono, nthawi yomwe faniyo ikufunika kwambiri.

Kusintha injini sindikuti n'kolakwa. Ngati buloko yang'aluka ndipo ina siikupezeka, 4Y ya Toyota ambiri aikapo ndipo masipeya ake savuta. Koma dziwani kuti injini yaikulu imatulutsa kutentha kwambiri, mukaiika kuseri kwa ledieta yomwe ija yotsekeka idzawiranso pa Chowe pomwepo. Muwerengerenso giyabokosi, mamauntini, shafuti, ekizozi, mabuleki oti agwirizane ndi liwiro latsopano, ndi ulendo wa ku Road Traffic kuti nambala ya injini isinthidwe pa bulu buku, apo ayi COF, satifiketi yoti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, idzakuvutani. Ndipo injini yomwe mukufuna kutayayo si yachabe. 404 inayamba kupangidwa mu 1960, inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kulumikiza ma pick-up ake mpaka 1991. Inayenda m'fumbi ndi m'dzuwa la mu Africa muno moyo wake wonse ndi ledieta yomwe inabwera nayo. Ikamawira lero ndiye kuti china chake chatsekeka kapena chatha, sikuti Mangochi yaikulira.

Kwa anzanga omwe mukuwerenga masiku ngati ine, kaya ndinu a m'boma mukudikira zaka 60 kaya a kukampani, langizo langa ndi loti zinthu za madzizi, mabuleki ndi mawaya muzikonze pano mukadali pa malipiro, mwezi uno kapu ndi mapayipi, mwezi wamawa ledieta, choncho. Musadikire ndalama za penshoni, zimenezo zili kale ndi eni ake, denga, fizi, mankhwala, ndipo mayi a kunyumba ayenera kudziwa chomwe chikupita ku galimoto kuti pakhomo pakhale mtendere. Masipeya ochokera kunja mtengo wake sudikira munthu, tonse tinaona mmene zinthu zinadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine gasiketi, pampu ndi themositati yapadera ndinagula n'kusunga m'katoni. Sungani kabuku, lembani tsiku, chomwe mwasintha, komwe mwayenda ndi pomwe geji inafika, ndipo muzisintha chinthu chimodzi nthawi imodzi, mukasintha zinayi pamodzi simudzadziwa chomwe chinali vuto. Penti ndi mipando zidikire. Ndaona galimoto yopakidwa bwino yowala ikukokedwa ndi chingwe kuchokera ku Ulongwe, ndipo madzi otentha a dzimbiri anali atasiya mizere pa penti yatsopanoyo.

Poyesa musadzinamize ndi mwezi wa Juni kapena kuyenda m'mawa kukuzizira. Ine ndinadikira Okutobala, masana dzuwa lili paliwombo, ndinaika matumba anayi a mchenga kumbuyo, zigubu ziwiri za madzi a mvula, mphwanga pambali akuyang'ana geji n'kumandiuza. Tinayamba ndi kuima pamsika injini ikulira kwa mphindi 15, kenako tinawoloka mlatho n'kuyamba kukwera. Pachitunda musaiumirize pa giya yaikulu, tsitsani giya injini izizungulira momasuka kuti pampu ndi fani zigwire ntchito. Singano inakwera pang'ono pamakona aja pomwe kale tinkaima, inakhazikika, ndipo titafika pamwamba inayamba kutsika. Ku Namwera tinazimitsa, tinadikira izizire, ndinatsegula kapu madzi ali pomwe ndinawasiya m'mawa. Chatsala pano ndi limu lakumbuyo kumanzere lomwe linafika lofunda kuposa anzake, Loweruka lino tikumasula dilamu tione.